Tidawapatsa minda, tiwapatsenso mapepala

Mzinda wathu wa Lusaka umadziwika ndi kuyanjanitsa anthu omenyana. Pa 7 Sepitembala 1974, a FRELIMO ndi boma la Portugal adasainirana muno pangano limene lidatsegula njira ya ufulu wa Mozambique. Mu Novembala 1994, boma la Angola ndi a UNITA adasainira muno pangano lotchedwa Lusaka Protocol. Mu Julayi 1999, atsogoleri a maiko amene ankamenyana ku Congo nawonso adasonkhana muno n'kugwirizana zoleka kuwomberana. Ulendo uliwonse akuluakulu ankagwirana chanza, atolankhani n'kujambula, kenako alendo olemekezekawo n'kukwera ndege kubwerera kwawo. Otsala anali anthu wamba amene nkhondozo zidawathamangitsira kuno. Ena mwa iwo tikadali nawo mpaka lero, pamodzi ndi ana awo ndi zidzukulu zawo.

Ambirife timaganiza kuti mfuti zikangoti zii, wothawa nkhondo amamanga katundu wake n'kumapita. Timadalira mwambi wa makolo uja wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma makolo ankanena mlendo wogona masiku awiri. Khanda limene lidafika ku msasa wa Mayukwayukwa lili kumsana kwa mayi ake mu 1966 lero ndi gogo wa imvi, ndipo chikulireni sadapondeko ku dziko limene amati ndi kwawo. Ine ndikuti anthu oterewa ndi athu tsopano. Boma lathu lidavomera zimenezi pamaso pa maiko onse mu 2011, ntchitoyo lidaiyamba bwino, koma idaima panjira. Minda tidawapatsa. Chatsala ndi mapepala, ndipo wopanda mapepala amagona ndi mantha ngakhale ali pamunda wake.

Ndiyambe ndi kubwerera kumene kudayenda bwino, poti kumeneko ndidakuona ndi maso anga. Kwathu ndi m'boma la Petauke. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO itakula m'chigawo cha Tete, anthu adayamba kulowa m'midzi ya m'malire ku Petauke, ku Katete ndi ku Chadiza, ena atasenza mphasa ndi mphika basi. Womasulira sitinkamufuna polankhula nawo. Anali Achewa ndi Ansenga ngati ife, a Phiri ndi a Banda, ndipo m'midzi yambiri adalandiridwa ndi abale awo enieni. Zigawenga zitayamba kuwoloka malire n'kumapha ndi anthu akuno omwe, boma ndi bungwe la UNHCR adawasunthira ku msasa wa Ukwimi, umene udatsegulidwa mu 1987 kutali ndi malire. Kumeneko banja lililonse lidapatsidwa munda. Adalima chimanga ndi mtedza, ndipo patangopita zaka zochepa ena ankatigulitsa zotsala ife eni dziko.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kufunsa za kwawo, ndipo mu 1994 magalimoto adawanyamula pafupifupi onse. Zomwezi zidachitika ku Malawi, dziko limene lidasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, moti m'boma la Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Onse pamodzi, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adabwerera ku Mozambique kuchokera m'maiko 6. Ku Ukwimi adatisiyira sukulu, zipatala zing'onozing'ono, mijigo ndi misewu, ndipo boma lidagawa minda ija kwa nzika za Zambia.

Zidatheka chifukwa mtendere udagwira, ndipo chisankho cha 1994 chidadutsa osabutsanso nkhondo. Anthuwo adakhala kunja zaka zosafika 10, kotero amene adathawa ndi omwewo amene adabwerera. Ankakumbukira malire a minda yawo, manda a makolo awo ndi nyakwawa imene ingawachitire umboni. Kwawoko kunali pafupi, moti bambo ankatha kutsogola pa njinga kukaona ngati kuli bata asanatenge banja. Mtendere ukakhala wogwira, zaka zikakhala zochepa ndipo munda ukakhala ukumudikira, munthu sachita kukankhidwa kuti apite kwawo. Amanyamuka yekha.

Nkhani ya Angola idayenda mwina. Oyamba adafika mu 1966, nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi itafalikira kummawa kwa dzikolo. Msasa wa Mayukwayukwa ku Kaoma udatsegulidwa chaka chomwecho, ndipo wa Meheba, kufupi ndi Solwezi, mu 1971. Ufulu wa 1975 udangosintha omenyana. Pangano la ku Bicesse la 1991 lidafera pa chisankho cha 1992. Lusaka Protocol yathu ija idakhala zaka 4 zokha, nkhondo n'kuyambiranso mu 1998 mwaukali kuposa kale. Alipo amene adakhulupirira siginecha za akuluakulu, adasiya minda yawo kuno n'kuwoloka, koma posakhalitsa adabwereranso chimanjamanja. Podzafika 2001, anthu a ku Angola m'dziko muno anali pafupifupi 200,000.

Mtendere weniweni udadza Jonas Savimbi, mtsogoleri wa UNITA, ataphedwa mu Febuluwale 2002, asilikali a mbali ziwirizo n'kusainirana pangano la ku Luena mu Epulo chaka chomwecho. Kuyambira 2003, anthu oposa 70,000 adanyamulidwa kuchoka m'misasa ya m'Zambia, ndipo ena ambiri adapita okha. Adakapeza minda ya m'chigawo cha Moxico yodzala mabomba okwirira, milatho itagumuka, ndi sukulu zophunzitsa m'Chipwitikizi, chinenero chimene ana obadwira kuno sankachimva. Enanso masauzande ambiri adatsala. Ochuluka mwa otsalawo adabadwira kuno, adakwatirana ndi Alozi, Ankoya, Akaonde ndi Aluvale akuno, ndipo makolo awo adawaika m'manda a ku Kaoma ndi ku Solwezi. Pa 30 Juni 2012 malamulo adasiya kuwawerenga ngati othawa nkhondo. Kuyambira tsiku limenelo chitetezo cha wothawa nkhondo chidawachokera, pamene unzika sudawafikire.

Vutoli si la kuno kokha. Kumalire a Thailand ndi Myanmar kuli misasa 9, ndipo ambiri okhalamo ndi a mtundu wa Karen. Gulu lawo la Karen National Union lakhala likumenyana ndi asilikali a boma kuyambira 1949, ndipo misasa yoyamba idatsegulidwa mu 1984. Waukulu kwambiri ndi Mae La. Mu 2012 mbali ziwirizo zidagwirizana zoleka kuwomberana, mu 2015 n'kusainirana pangano lokulirapo. Mabungwe othandiza adayamba kuchepetsa thandizo m'misasa poganiza kuti anthu anyamuka. Koma mwa anthu pafupifupi 100,000, gulu loyamba lobwerera mu Okutobala 2016 linali la anthu 71 okha, ndipo pofika 2019 onse obwerera mwa dongosololi adangopitirira pang'ono 1,000. Otsalawo ankafunsa zomwe mlimi wa ku Moxico ankafunsa: kodi asilikali achoka m'midzi yathu, mabomba okwirira azulidwa, nanga minda yathu ili m'manja mwa yani? Pa 1 Febuluwale 2021 asilikali adalanda boma ku Myanmar, ndipo mu Disembala chaka chomwecho adaukira Lay Kay Kaw, tauni imene idamangidwa ndi ndalama za ku Japan kuti obwererawo akhalemo. Anthu adawolokanso mtsinje wa Moei kuthawira ku Thailand. Amene adazengereza kunyamuka aja adaona patali kuposa akatswiri amene ankawafulumizitsa. Wothawa nkhondo akati sinakwane nthawi yobwerera, tizimumvera, chifukwa zikavuta amene amataya ana ndi iyeyo.

Ilipo njira yachiwiri, yotengedwa kupita ku dziko lina lakutali. Kuyambira 2005, anthu oposa 100,000 a m'misasa ya ku Thailand ija adasamutsidwa motero, ambiri ku United States. M'misasa yathunso muli mabanja amene atha zaka akudikira kuti dzina lawo lituluke pa mndandanda wa ku America kapena ku Canada, ena mpaka kuleka kubzala mitengo ndi kumanga nyumba yolimba poganiza kuti mawa anyamuka. Koma pa dziko lonse, amene amapeza mwayi umenewu pachaka safika ngakhale munthu mmodzi pa othawa nkhondo 100 alionse, ndipo mu Januwale 2025 boma la United States lidaimitsa ndondomeko yake yolandira othawa nkhondo. Njira imeneyi yachepa kwambiri. Ngakhale Thailand, itasunga anthu m'mpanda zaka 40, mu 2025 idavomera kuti azituluka kukagwira ntchito, thandizo la chakudya litayamba kuphwa. Kubwerera kukakanika ndipo kupita kutsogolo kukatsekeka, chotsala ndi kumukhazika munthu pamene ali.

Apa ndi pamene dziko lathu lidachita chinthu chonyaditsa. Mu Disembala 2011, pa msonkhano wa nduna ku Geneva, boma la Zambia lidalonjeza kukhazika kwamuyaya anthu 10,000 a ku Angola. Pambuyo pake lidawonjezera anthu 4,000 a ku Rwanda, amene nawonso adasiya kuwerengedwa ngati othawa nkhondo pa 30 Juni 2013. Ndondomeko yake idatuluka mu 2014. Mbali ina ya malo a Meheba ndi Mayukwayukwa idadulidwa n'kuperekedwa ku nthambi yokhazika anthu ya mu ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo minda idagawidwa kwa alendo akalewo ndi kwa nzika za Zambia mosakaniza, kuti akhale moyandikana, ana awo aphunzire sukulu imodzi ndipo atunge pa mjigo umodzi. Maiko amene adachitapo zotere mu Africa ndi owerengeka. Yotiposa ndi Tanzania, imene idapereka unzika kwa anthu oposa 160,000 a ku Burundi amene mabanja awo adathawa mu 1972.

Pamene padavuta ndi pa chilolezo chokhalira m'dziko. Lamulo la zolowa ndi kutuluka limafuna kuti wopempha akhale ndi pasipoti ya dziko la kwawo. Boma la Angola lidatumiza antchito ake kudzalemba anthu ndi kupereka mapasipoti, koma ntchitoyo idayenda pang'onopang'ono, moti mapasipoti ena adatha mphamvu zilolezo zisanatuluke. Palinso ndalama zolipirira chilolezocho, zimene mlimi wa chinangwa wa ku Mayukwayukwa sangazipeze ngakhale atagulitsa zokolola zake zonse. Kwa a ku Rwanda ndiye zidathina kwambiri. Ambiri amaopa kupita ku ofesi ya kazembe wa dziko lawo, ndipo amati kutenga pasipoti imeneyo n'kudzipereka m'manja mwa boma limene adalithawa. Boma lathu lidayesa kuwapatsa zilolezo zosakhalitsa, koma zimenezo zimatha, munthu n'kubwerera pomwe adayambira. Patapita zaka zoposa 10 chilonjezereni, amene adalandira chilolezo chokhazikika ndi ochepa poyerekeza ndi amene adalonjezedwa.

Kumindako nakonso ntchito sidathe. Minda yambiri idadulidwa kutali ndi sukulu, chipatala ndi msika, ndipo mabanja ena adazengereza kusiya pamene adazolowera kukayamba kugwetsa mitengo m'thengo lopanda madzi. Phunziro limeneli tidaliphunzira kalekale. Pamene damu la Kariba linkamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Atonga a m'chigwa cha Gwembe pafupifupi 57,000 adasamutsidwa kumbali zonse ziwiri za Zambezi, ndipo ena adakatulidwa ku Lusitu pa nthaka youma imene zidzukulu zawo zikulimbana nayo mpaka lero. Kuloza munthu malo n'kumusiya ndi kumutaya. Kukhazika kwenikweni kumafuna msewu, mjigo, mphunzitsi, namwino ndi pepala la umwini wa mundawo.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya kutali ku Meheba ndi ku Mayukwayukwa kokha. Ili muno mtauni. Ndaphunzitsa mu Lusaka zaka zambiri ndipo ndimakhala ku Kabwata. Mwa ana amene adadutsa m'manja mwanga muli mtsikana wina amene makolo ake adachoka ku Rwanda mu 1994, nayenda wapansi kudutsa Congo mpaka kufika ku Meheba. Iyeyo adabadwira ku Meheba komweko, nakulira m'komboni ina muno kumene bambo ake ankagulitsa m'kagolosale. Chinyanja chake ndi cha mu Lusaka chenicheni, ndipo nyimbo ya fuko ankaiimba mokweza kuposa anzake Lolemba m'mawa. Mayeso a Giredi 12 adakhoza bwino kwambiri, ndipo mtima wake unali pa unamwino. Tsiku lina ndidakumana naye mtauni akudikira minibasi ya ku Chelstone, kumene amalera ana m'nyumba ya munthu.

“Nanga za unamwino zija zidatha bwanji, mwanawe?” ndidamufunsa.

“Aphunzitsi, paliponse pamene ndapita akufuna reji,” adayankha. “Ndikati ndidabadwira muno, amati ndibweretse ya bambo kapena ya mayi. Ndikati alibe, amati ndipite kwathu. Kwathu kwake kuti, aphunzitsi?”

Amene amamubweza m'maofesiwo akungotsata lamulo. Malamulo aakulu a dziko lathu amati munthu ndi nzika pobadwa ngati mmodzi mwa makolo ake ndi nzika. Kubadwira pa nthaka ya Zambia pakokha sikukwanira. Ilipo njira yolembetsa unzika munthu akakhala m'dziko zaka 10, koma kwa nthawi yaitali zakazo zakhala zikuwerengedwa kuyambira tsiku limene walandira chilolezo chokhalira, chomwe chija chosowachi. Wopanda chitupa sangalembedwe ntchito yooneka, sangatsegule akaunti ku banki, sangalandire ngongole ya boma ya maphunziro, ndipo ngakhale simu khadi ya foni amachita kulembetsa m'dzina la mnzake. Akamva kuti a imigireshoni akusesa m'komboni, amatseka chitseko n'kuzimitsa nyale. Dziko lidawononga ndalama kumuphunzitsa mwanayu zaka 12, ndipo lero likudzimana lokha phindu la maphunziro akewo.

Wopanda mapepala ndiyenso amayamba kulozedwa chala zinthu zikavuta. Mu Epulo 2016, mitembo ingapo yodulidwa ziwalo itapezeka m'makomboni a mbali ya ku Matero, mphekesera idafala yakuti eni magolosale a ku Rwanda ndi amene akupha anthu kuti malonda aziyenda. M'masiku awiri okha magolosale oposa 60 adathyoledwa ku Zingalume, George, Matero, Kanyama, Chawama ndi madera ena. Anthu awiri adawotchedwa amoyo ku Kanyama, ndipo onsewo anali nzika za Zambia. Alendo mazanamazana adathawira ku tchalitchi cha St Ignatius ku Rhodes Park, kumene akhristu ndi ena akufuna kwabwino adawatengera chakudya ndi mabulangete, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu adapita kukawapepesa. Amene apolisi adadzawagwira powaganizira za kupha kuja anali a Zambia anzathu. Koma ambiri mwa othawira ku tchalitchi aja adatengedwa kupita ku misasa. Oberedwa ndi amene adasamutsidwa.

Ndimamva zimene ena amanena m'minibasi ndi pamaliro, ndipo si zonse zopanda pake. Ena amati pakati pa anthu a ku Rwanda pakhoza kubisala amene adapha anzawo mu 1994. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko. Mu 1995 apolisi athu adagwira Jean-Paul Akayesu, amene anali meya wa Taba ku Rwanda, n'kudzaperekedwa ku khoti la United Nations ku Arusha, ndipo mu 1998 adakhala munthu woyamba kupezeka wolakwa m'khoti la maiko onse pa mlandu wofuna kufafaniza mtundu wa anthu. Umo ndi mmene ziyenera kukhalira: wamlandu atchulidwe dzina, umboni uperekedwe, khoti ligamule. Koma mlandu ndi wa mwini wake. Mwana wobadwira ku Meheba mu 1999 alibe choyankha pa zimene zidachitika iye asanabadwe.

Ena amati ntchito ndi malo sizikukwanira ndi ife eni ake omwe. N'zoona kuti achinyamata athu ali mbwee m'misewu ya Cairo ndi Chachacha, masatifiketi ali m'manja, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana amene ndidawaphunzitsa. Koma tiwerenge bwino. Kalembera wa 2022 adapeza kuti m'dziko muno tilimo anthu 19.6 miliyoni. Othawa nkhondo onse, opempha chitetezo ndi akale aja pamodzi angopitirira 100,000, ndipo amene ndikuwanenawa, a ku Angola ndi a ku Rwanda amene adasiya kuwerengedwa aja, safika 20,000. Ali kale muno, akulima kale, akugulitsa kale. Mpunga, kabichi ndi nyemba za ku Meheba zimagulitsidwa m'misika ya ku Solwezi. Chilolezo sichibweretsa munthu watsopano ngakhale mmodzi. Chimachititsa kuti golosale ilembetsedwe, msonkho ulipidwe ku ZRA ndi ku khonsolo, ndipo ndalama imene ikadalowa m'thumba la wolandira ziphuphu ipite ku boma.

Enanso amati tikawapatsa mapepala awa, anzawo adzakhamukira kuno. Aliyense amene adaonapo anthu akuwoloka malire usiku, ana ali kumsana, amadziwa kuti palibe amene amasiya nyumba ndi nkhokwe yake chifukwa wamva za chilolezo. Anthu a ku Congo amene adalowa ku Chiengi ndi ku Nchelenge mu 2017 ankathawa zipolopolo za ku Pweto ndi m'chigawo cha Tanganyika. Boma lidawatsegulira msasa wa Mantapala mu 2018, ndipo kwawo kutayamba kuzizira, kuyambira Disembala 2021 anthu oposa 10,000 adapempha okha kubwerera ndipo adapita. Adakhala zaka zochepa, kwawo kunali pafupi, minda inalipo, chimodzimodzi ndi a ku Ukwimi aja. Wofuna kupita athandizidwe ndi galimoto, mbewu ndi makalata a sukulu a ana ake. Amene ndikuwalankhulira ine ndi amene zaka zidawatsekera njira yobwerera.

Abale athu a ku Malawi ayesa njira ina, ndipo tiphunzirepo. Msasa wa Dzaleka ku Dowa udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu osapitirira 12,000, koma lero muli oposa 50,000. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali adasesa othawa nkhondo amene ankachita malonda mu Lilongwe ndi m'matauni ena, ena n'kuwagoneka ku ndende ya Maula pamodzi ndi ana, kenako n'kukawatula ku Dzaleka. Anthu amene ankadzidyetsa okha ndi kulemba ntchito Amalawi adasanduka odikira thandizo la WFP, pa nthawi imene bungwelo linkadula thandizolo chifukwa chosowa ndalama. M'malo mopepukidwa, dziko lidadziwonjezera katundu.

Ife a mu Lusaka tili ndi mbiri imene iyenera kutilimbitsa mtima. Ku Chelstone kuli nyumba imene Oliver Tambo ankakhala pa zaka zimene ANC inali ndi likulu lake muno, ndipo mu 2017 idasandutsidwa chikumbutso cha dziko. Ku Chilenje South, kufupi ndi kwathu ku Kabwata kuno, Herbert Chitepo wa ZANU adaphedwa ndi bomba pa 18 Malichi 1975. Mu Okutobala 1978 ndege za Ian Smith wa ku Rhodesia zidaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa mzinda, ndipo chaka chotsatira asilikali ake adalowa mpaka pafupi ndi State House kudzagumula nyumba ya Joshua Nkomo. Kenneth Kaunda sadawathamangitse alendowo, ndipo makolo athu adapirira mabomba ndi mizere yogulira ufa ndi sopo osawatembenukira. Alendo amenewo adabwerera chifukwa ankapita kukalamulira maiko awo. Amene atsala nafe lero ndi alimi, matelala ndi ogulitsa m'magolosale, anthu opanda dzina lomveka. Ulemu umene timalandira chifukwa cha Tambo tiyenera kuutsimikizira pa iwowa.

Zida zogwirira ntchitoyi tili nazo kale. Lamulo la othawa nkhondo la 2017 lidalowa m'malo mwa lakale la 1970, limene cholinga chake chachikulu chinali kuwasunga m'misasa. Ndondomeko ya dziko yokhudza othawa nkhondo idakhazikitsidwa kumayambiriro kwa 2024, ndipo imanena zowaphatikiza pa chitukuko cha dziko. Misonkhano yokambirana zimenezi yachitika yambiri m'mahotela ndi m'maofesi a mabungwe ku Kabulonga, ku Woodlands ndi ku Longacres. Chofunika tsopano ndi chigamulo cha nduna ndi aphungu.

Unduna wa za m'dziko uleke kufuna pasipoti ya kunja kwa munthu amene dzina lake lakhala m'kaundula wa Kamishinala wa othawa nkhondo zaka 20 kapena 30. Kaundulayo ndi wa boma lathu lomwe, ndipo ndi umboni wokwanira wakuti munthuyo ndi ndani. Ndalama za chilolezo zichotsedwe kwa onse amene lonjezo lija likuwakhudza. Zaka zimene munthu wakhala muno movomerezeka ngati wothawa nkhondo ziwerengedwe pa zaka 10 zija, ndipo mwana wobadwira muno, wokulira muno, apatsidwe mwayi wolembetsa unzika akangokwanitsa zaka 18. Amene adapatsidwa minda alandire mapepala a umwini, pamodzi ndi nzika zimene adagawana nazo malowo. Tivomerenso kuti si onse amene ndi alimi. Pamene dziko lathu linkalowa m'pangano la 1951 la othawa nkhondo mu 1969, lidakana kumangidwa ndi mbali zokhudza ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, n'chifukwa chake wokhala ku Meheba amafunika chiphaso chotulukira kuti afike ku Lusaka. Zimenezo zidali zomveka pa nthawi ya akazitape a Rhodesia, koma nthawiyo idapita. Telala, makanika kapena namwino aloledwe kukhala kumene ntchito yake ili.

Ifenso anthu wamba tili ndi gawo lathu. Mphekesera ngati za 2016 zikayamba pa WhatsApp kapena m'minibasi, tizizimitse zisanafike pa chitseko cha munthu. M'mipingo ndi m'mizikiti mwathu, wosowa mapepala apeze womuperekeza ku maofesi ndi womuchitira umboni kuti wakhala nafe zaka zonsezi. Phungu akabwera kudzapempha voti, timufunse kuti lonjezo la ku Geneva lidafika pati, ndipo iye achitapo chiyani ku Nyumba ya Malamulo. Anthu amenewa savota, kotero palibe wandale amene angawakumbukire payekha. Ovota ndife, ndipo lonjezolo lidaperekedwa m'dzina lathu.